Kupikisana ndi wotchi: mpikisano wa njinga womwe aliyense amanyamuka yekha

Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo ambirife tikamva za mpikisano wa njinga timaganiza zomwezo: chigulu cha anthu chandanda pamzere, wenzulo yalira, onse aliyatsa, woyamba kufika ndiye katswiri. Koma ulipo mpikisano wina, womwe opalasa amautcha time trial, umene suyendera zimenezo. Aliyense amanyamuka yekha pa nthawi yakeyake, n'kupalasa mtunda wofanana ndi wa anzake, ndipo wopambana ndi amene watenga nthawi yochepa. Munthu atha kutulukira kumapeto anzake 20 atafika kale, koma n'kupezeka kuti wawina ndi iyeyo. M'mayiko ambiri magulu a anthu opalasa mongokonda, osati pofuna malipiro, amachititsa mpikisano wotere chaka ndi chaka pamsewu umodzimodzi. Ine ndimaona kuti pa mipikisano yonse ya njinga yakapalasa, umene ukuyenera Zomba kwambiri ndi umenewu.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Opikisana amalandira manambala, ndipo amanyamuka motalikirana ndi mphindi imodzi. Ngati wotchi yayamba 6 koloko m'mawa, wa nambala 1 amanyamuka 6:01, wa nambala 17 amanyamuka 6:17. Poyambira pamakhala anthu awiri: wina wagwira wotchi, wina wagwira njinga cha kuchishalo kuti wopalasayo aikiretu mapazi onse awiri pamapedulo. Wa wotchi uja amati, "Achimwene, kwatsala hafu miniti," kenako "teni," kenako amawerenga mokweza, "faifi, folo, fili, thu, wanu, tiyeni!" Wogwira njinga amangotaya, sakankha. Kumapeto kumakhala wina wa wotchi yofanana ndendende ndi yoyamba ija, ndi mnzake wolemba m'kope. Wa nambala 17 akadutsa pamzere nthawi ili 6:49 ndi masekondi 20, amangochotsera mphindi 17 zija, nthawi yake n'kukhala mphindi 32 ndi masekondi 20. N'chifukwa chake wopalasa amayenera kukuwa nambala yake akamadutsa pamzere, ngakhale mpweya utamuthera, poti wolemba sangaone bwino pepala lapamsana la munthu amene wadutsa ngati mphenzi. Pamipikisano ikuluikulu akatswiri amanyamuka kumapeto, kuti zotsatira zisadziwike msanga.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: osabisala kumbuyo kwa mnzako. Amene amapalasa pagulu amadziwa kuti ukamata kumbuyo kwa tayala la wina mphepo imachepa, ndipo umapulumutsa mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pampikisano wa chigulu nzeru zonse zagona pamenepo, moti wochenjera amatha kubisala ulendo wonse n'kudzatulukira pamamita 200 otsiriza. Pano zimenezo n'zoletsedwa. Malamulo a bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse la UCI amati amene wapeza mnzake adutse patali ndi mamita osachepera 2 cham'mbali, ndipo amene wapezedwayo, pakatha kilomita imodzi, akhale atatsalira mamita osachepera 25. Kubisala kumbuyo kwa minibasi kapena lole ndiye ayi ndithu. Kumeneko n'kuba, komanso n'kudziika pakamwa pa imfa.

Mpikisanowu unakula chifukwa cha vuto lomwe nafenso tili nalo: msewu ndi wa anthu onse. Ku Britain m'zaka za m'ma 1890, apolisi ndi anthu oyenda pa ngolo za akavalo ankadana ndi magulu a njinga othamangitsana pamsewu, mpaka bungwe la opalasa la dzikolo linaletsa mipikisano yapamsewu. Mu 1895 Frederick Bidlake anakonza mpikisano wa mamailosi 50 kumpoto kwa London, woti anthu azinyamuka mmodzimmodzi. Wapolisi akaona munthu mmodzi akupalasa yekha, amugwirenji? Kwa zaka zambiri opikisana ankavala zakuda, ankanyamuka mbandakucha, ndipo malo a mpikisano ankasungidwa mwachinsinsi. Mitunda yomwe anazolowera, ya mamailosi 10 ndi 25, ikugwirabe ntchito mpaka lero. Kwa ife ndi makilomita 16 ndi 40. Kumaliza mamailosi 25 ola lisanakwane ndi chinthu chomwe wopalasa wamba wa kumeneko amachilakalaka moyo wake wonse. Ndipo mpikisanowu sunakhale wa abambo okha. Mu 1967 mayi wina wa ku England, Beryl Burton, anapalasa mamailosi 277.25 m'maola 12, kuposa mtunda womwe mwamuna aliyense anali atakwanitsa pa nthawiyo pampikisano wa mtundu umenewo.

Tsono taganizirani msewu wa M3 pakati pa Zomba ndi Thondwe, kapena mbali ya ku Songani ndi Domasi. Kuti anthu 40 athamangitsane pamodzi pamenepo pafunika kutseka msewu, galimoto yotsogolera, apolisi ambiri ndi ndalama. Koma anthu 40 omwewo akamanyamuka mmodzimmodzi Lamlungu m'mamawa, aliyense akuyenda kumanzere kwake monga mwa lamulo, zofunika ndi mawotchi awiri kapena mafoni awiri, kope, choko cholembera mzere, anthu oimirira pamalo oopsa, ndi kudziwitsa apolisi a pamsewu nthawi ikadalipo. Komanso wosazolowera sachita mantha kuti agundana ndi anzake, ndipo palibe amene amasiyidwa ndi gulu n'kubwerera kunyumba mwamanyazi. Wotsiriza naye amapita ndi nthawi yake yolembedwa.

Chovuta chenicheni chili m'thupi la wopalasa, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mpikisanowu ndi wa kugawa mphamvu. Thupi lili ndi mlingo wina wake womwe lingagwire ntchito yakalavulagaga kwa nthawi yaitali osafooka. Ukakhala pansi pang'ono pa mlingowo, mpweya womwe ukupuma umakwanira zomwe minofu ikufuna, ndipo utha kupitiriza kwa mphindi 30 ngakhale ola. Ukaupyola, minofu imayamba kugwira ntchito pangongole: miyendo imawotcha, kupuma kumasanduka wefuwefu, ndipo pakangopita mphindi zochepa thupi limakukakamiza kubweza moto. Choipa n'chakuti ngongoleyo imabwezedwa ndi chiwongoladzanja. Masekondi 15 omwe wapindula pothamanga mopyola muyeso pa makilomita awiri oyamba, umadzawalipira ndi mphindi yathunthu kapena kuposerapo kutsogoloku.

Pafupifupi aliyense wopikisana koyamba amagwa mu msampha umenewu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Poyambira mtima umakhala uli m'mwamba, anthu akukuchemerera, miyendo ili yatsopano, ndipo ululu umachedwa kufika. Mphindi zitatu zoyamba liwiro loopsa limamveka lopepuka. Pofika mphindi yachisanu thupi limabweretsa mlandu wonse pakamodzi. Choncho langizo la opalasa akale ndi loti gawo loyamba lizimveka ngati ukuchita ulesi. Zili ngati thumba la ufa lomwe liyenera kukufikitsa kumapeto kwa mwezi: wotapa mosaumira sabata yoyamba amagona ndi njala sabata yotsiriza, koma amenenso wafika pa 30 thumba likadali theka ndiye kuti anadzimana pachabe. Cholinga n'chakuti mphamvu ithere pamzere penipeni.

Akatswiri amayeza zimenezi ndi kachipangizo koonetsa mawati, muyeso wa mphamvu yomwe miyendo ikutulutsa, koma n'kodula, ndipo wopalasa wa ku Chinamwali kapena ku Matawale sayenera kudandaula kuti alibe. Kupuma kumauza munthu zambiri. Ngati ukutha kulankhula chiganizo chonse, ukusunga mphamvu zochuluka. Ngati ukutha kutulutsa mawu awiri kapena atatu okha, uli pamlingo wabwino. Ngati sungathe kutchula ngakhale dzina lako ndipo kumapeto kukadali kutali, wapyola. Funso loti uzidzifunsa m'njira ndi lakuti: liwiro ili ndingalisunge mpaka kumapeto? Yankho likakhala "eya, mosavuta," onjezera. Likakhala "ayi," bweza pang'ono msangamsanga zinthu zisanaipe. Likakhala "kaya," uli pomwe uyenera kukhala.

Palinso wa patsogolo pako, amene ananyamuka mphindi imodzi iwe usananyamuke. Ukamuona patali pamsewu wowongoka, mtima umafuna kumuthamangira. Ndi bwino kumusiya abwere yekha. Ndipo wina akakudutsa, usataye mtima kapena kuyamba kulimbana naye, chifukwa zimenezi zimagwera ndi akatswiri omwe. Mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu unachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda, koyamba mu Africa. Pa time trial ya abambo, ya makilomita 40.6 m'zitunda za mzindawo, Remco Evenepoel wa ku Belgium anapeza n'kudutsa Tadej Pogačar, amene ananyamuka mphindi ziwiri ndi theka patsogolo pake, chikhalirecho Pogačar anali atangowina kumene Tour de France, mpikisano wotchuka wa njinga wa ku France, chaka chomwecho.

Kugawa mphamvu sikutanthauza kupalasa mofanana paliponse, ndipo apa masamu pang'ono athandiza. Tinene kuti njira ndi ya makilomita 10 kupita ndi 10 kubwerera, kulowera cha ku Jali mwezi wa Juni kapena Julayi, pomwe mwera umakonda kuomba kuchokera kummwera chakummawa. Popita mphepo ikukuomba pamaso ndipo ukuyenda makilomita 20 pa ola. Pamenepo patha mphindi 30. Pobwerera ikukukankha, ukuyenda 40 pa ola; patha mphindi 15. Ambiri angaganize kuti liwiro lapakati ndi 30, koma ayi: makilomita 20 m'mphindi 45 ndi pafupifupi 26.7 pa ola. Mbali yovutayo yadya nthawi yowirikiza kawiri. Tsono onjezerani makilomita 2 pa ola popita, kuchoka pa 20 kufika pa 22: mwapulumutsa mphindi 2 ndi masekondi oposa 40. Onjezerani 2 yemweyo pobwerera, kuchoka pa 40 kufika pa 42: mwapulumutsa masekondi 43 okha. Apa mpoonekeratu kuti mphamvu yoonjezera iyenera kupita pomwe njinga ikuyenda pang'onopang'ono, pachitunda ndi pamphepo yapamaso, ndipo pamtsetse ndi pomwe munthu angapumireko pang'ono osasiya kupalasa. Ndati yoonjezera pang'ono, osati kudzipha. Cholakwika china chofala n'kusiya kukankha ukangofika pamwamba pa chitunda. Njinga imafunika uiperekeze mpaka itatenganso liwiro, kenako ndiye upume.

N'chifukwa chiyani kuonjezera liwiro ukakhala kale pa 40 kuli kodula chotere? Ndi mphepo. Pamalo athyathyathya, njinga ikangopyola makilomita 25 kapena 30 pa ola, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera pong'amba mpweya womwe uli patsogolo pake. Ndipo mtengo wake sukwera mofanana ndi liwiro. Kuti uwirikize liwiro kawiri, mphamvu yolimbana ndi mphepo iyenera kuwirikiza kasanu n'katatu. Kungochoka pa 30 kufika pa 33 kumafuna kuti mphamvuyo ikwere ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chomwe chimatchinga mphepo kwambiri si njinga, koma thupi la munthu. Choncho amene wawerama, zigongono wazibweza mkati, mutu wautsitsa m'mapewa, malaya ndi omugwira thupi, amaposa mnzake wa mphamvu zofanana amene wakhala chilili, jekete ikuuluka kumbuyo. Umboni wodziwika ndi wa Tour de France ya 1989. Tsiku lotsiriza linali la time trial ya makilomita 24.5 kuchokera ku Versailles kukafika ku Paris, ndipo Greg LeMond wa ku America anali kumbuyo kwa Laurent Fignon wa ku France ndi masekondi 50. LeMond anamangirira timahandulo toloza kutsogolo toti azigonekapo mikono, n'kuvala chipewa chosongoka kumbuyo. Fignon anapalasa wopanda chipewa, tsitsi lake lalitali likuuluka. LeMond anamuposa ndi masekondi 58 tsikulo, n'kutenga mpikisano wonse wa masabata atatu ndi masekondi 8.

Phunziro la nkhaniyi kwa ife si kugula zipangizo. Kuwerama n'kwaulere, kupisira malaya n'kwaulere, kumata nambala bwino ndi mapini kuti isamakupize n'kwaulere. Kuchotsa keriyala, sitandi ndi madigadi tsiku la mpikisano n'kwaulerenso. Tcheni chotsukidwa n'kuthiridwa oilo, mabuleki osakhuza limu, ndi gudumu losapotoka zimabweza masekondi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira, ndipo wokonza njinga wa pamsika wa Zomba kapena ku Mpondabwino atha kuwongola masipoko pa mtengo wochepa. Pa matayala, ambiri amapopa mpaka gwa poganiza kuti kulimbitsitsa ndiko liwiro. Pa tara yokhakhala tayala lotere limangodumphadumpha n'kumataya mphamvu, choncho lisiyireni kampata kochepa. Koma pa kuwerama ndichenjeze mwamphamvu: kutsitsa mutu sikutanthauza kuyang'ana pansi. Maso akhale kutsogolo nthawi zonse. Misewu yathu ili ndi mbuzi, ana, maenje, mahampu pamalo a malonda, ndi minibasi zoima mwadzidzidzi zikaona wokwera. Chipewa choteteza mutu chisasowe, ndipo njira isadutse pamalo a msika tsiku la msika.

Zomba ili ndi mwayi wina womwe mizinda yambiri ilibe: phiri lili pakhomo. Tauni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapyola mamita 2,000, ndipo msewu wa tara wokhotakhota umakwera kuchokera m'tauni kukafika ku Ku Chawe ndi kudamu la Mulunguzi. Mpikisano wokwera phiri ndi time trial yomweyo, koma masamu ake amatembenuka. Liwiro limatsika kwambiri moti mphepo siikhalanso nkhani. Mdani ndi kulemera. Munthu ndi njinga yake akamalemera makilogalamu 80 pamodzi, kilogalamu imodzi iliyonse yochotsedwa imadula nthawi ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 80. Pa chikweza cha mphindi 40, amenewo ndi masekondi 30. Apa mnyamata wowonda wa makilogalamu 55 amatha kugonjetsa chimphona chomwe chimamusiya kutali pamalo athyathyathya. Magiya opepuka ndi ofunika zedi, chifukwa miyendo ikamazungulira mofulumira, mwina ka 70 mpaka 90 pamphindi, imachedwa kutopa kusiyana ndi kukankha giya yolemera mwa befu. Ndipo paphiri kulakwitsa poyambira kulibe chikhululuko, poti palibe mtsetse woti upumirepo. Wotchi iziimira pamwamba. Kutsika kusakhale mbali ya mpikisano ngakhale pang'ono, chifukwa msewuwo ndi wopapatiza, makona ake ndi obisika, ndipo m'mawa mumatsika anthu ndi njinga zosenza nkhuni zomwe sizingaime msanga. Nyengo ya chiperoni pamwamba pamazizira ndipo nkhungu imatseka maso, choncho wina atsogoze majuzi a opikisana, apo ayi anthu onyowa ndi thukuta adzanjenjemera asanalawe n'komwe masitiroberi omwe amagulitsidwa m'mbali mwa msewu kumtundako.

Zokonzekera sizifuna zambiri koma zimafuna nthawi, miyezi iwiri kapena itatu. Kupalasa maulendo ataliatali mwachifatse kumamanga maziko, koma kokha sikuphunzitsa thupi kupirira liwiro la mpikisano. Kawiri pasabata munthu azipalasa pa mlingo uja wa "kaya" kwa mphindi 10, n'kupuma mphindi 5, n'kubwerezanso. Masabata akamapita azitalikitsa mpaka mphindi 20 kawiri. Masiku enawo akhale opepuka ndithu, chifukwa thupi limalimba pamene likupuma. Njira ya mpikisano aiyendere kangapo kuti adziwe pomwe pali dzenje, pomwe chitunda chimanamiza ngati chatha, ndi pokhotera pobwerera, pomwe ambiri amataya masekondi chifukwa chofika ndi giya yolemera. Sabata yotsiriza ndi yochepetsa, osati yobwezera zomwe sunachite. Madzulo ake nsima ya masiku onse, m'mawa phala kapena mbatata ndi nthochi kukadali maola awiri kapena atatu, madzi pang'onopang'ono. Pampikisano wosafika ola palibe chifukwa chodyera m'njira. Chosayenera kudumpha ndi kutenthetsa thupi kwa mphindi 15 kapena 20 usanaitanidwe, makamaka m'mawa wa Juni.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya chilungamo pakati pa njinga. Ku Zomba amene ali ndi miyendo yolimba kwambiri mwina si amene ali ndi njinga yamagiya ya mahandulo opindika, koma wakabaza amene amakweza munthu ndi katundu wake tsiku lonse, kapena bambo amene amachokera ku Kachulu kunyanja ya Chilwa ndi dengu la nsomba. Njinga yawo ndi ya giya imodzi ndipo imalemera makilogalamu 20 kapena kuposa, pomwe ya mpikisano siifika n'komwe 10. Kuwaika pamndandanda umodzi n'kuyeza matumba a anthu, osati miyendo yawo. Ubwino wa time trial ngwakuti onse atha kupalasa njira imodzi m'mawa umodzi, zotsatira n'kuzigawa m'magulu: njinga za giya imodzi, njinga za m'mapiri, njinga za mpikisano, amayi, achinyamata, ndi achikulire. Ndalama yolembetsera ikhale yoti wakabaza angaikwanitse, pokumbukira kuti m'mawa umenewo wasiya makasitomala.

Kuti mpikisano wa pachaka ukhale ndi tanthauzo, njira isamasinthe. Poyambira pakhale pomwepo, pokhotera pomwepo, pomalizira pomwepo, mwezi womwewo ndi ola lomwelo, chifukwa nthawi ya mu Julayi 6 koloko m'mawa singafanizidwe ndi ya mu Okutobala dzuwa litakwera. Kope la zotsatira lisungidwe bwino, ndipo pambali pa nthawi za anthu pazilembedwanso momwe kunachera: kaya kunali mwera, kaya tara inali yonyowa, kaya panali pomwe amakonza msewu. Zimenezi zimathandiza powerenga zotsatira. Munthu amene chaka chatha anamaliza pa 32:20 ndipo chaka chino wamaliza pa 32:50 asafulumire kunena kuti wabwerera m'mbuyo. Ayambe waona anzake asanu kapena khumi omwe anapikisana zaka zonse ziwiri. Ngati onsewo achedwa ndi mphindi imodzi kapena kuposa chifukwa cha mphepo, ndiye kuti iye, pochedwa ndi masekondi 30 okha, wapita patsogolo ndi theka la mphindi.